Daniel Suárez wa ku Mexico: adalephera, kapena sadapatsidwe nthawi?

Makanika wa ku Ndirande:

Moni nonse a pagulu pano. Pali nkhani imene yakhala ikundizunguza mutu chilengezereni timu ya Trackhouse Racing, pa 1 Julayi 2025, kuti isiyana ndi Daniel Suárez nyengo ikatha. Pamene ndikulemba izi, kumapeto kwa 2025, zadziwika kuti mu 2026 adzayendetsa galimoto nambala 7 ya Spire Motorsports, ndipo imeneyi ikhala timu yake yachisanu chilowereni mu Cup Series, ligi yaikulu ya NASCAR, bungwe la mipikisano ya magalimoto ku United States, mu 2017. Ambiri akunena kuti munthu wopambana mipikisano iwiri yokha pa zaka 9 alibe chodandaula akachotsedwa. Ine sindikugwirizana nazo, ndipo ndikufuna timve maganizo a ena.

Mnyamatayu adabadwa pa 7 Januwale 1992 mumzinda wa Monterrey, kumpoto kwa Mexico, m'banja lopanda mbiri ya mipikisano ya magalimoto. Bambo ake, a Alejandro Suárez, adali ndi galaja yokonza magalimoto akale kuti aoneke ngati atsopano, ndipo mwana wawo atayamba kuonetsa luso pa timagalimoto ta go-kart, adafika pogulitsa galajayo kuti apeze ndalama zomupititsira patsogolo. Ine ndili ndi kagalaja kanga ka malata, ndipo ndimadziwa kuti jeke iliyonse, sipanala iliyonse ndi kompuresa yomwe ili pakona ndidazigula chimodzichimodzi kwa zaka zambiri. Munthu akagulitsa zimenezo ndiye kuti wagulitsa mbale yodyera ya banja lonse. Nchifukwa chake nkhani ya banja ili imandilowa mumtima.

Ndalamazo sizidapite pachabe. Mu 2010 Suárez adasankhidwa kukhala wopambana mwa oyendetsa atsopano mu ligi ya NASCAR ya ku Mexico, kenako adawolokera ku United States asakudziwa Chingerezi. Mu 2016, akuyendetsa galimoto nambala 19 ya Joe Gibbs Racing mu Xfinity Series, adapambana ku Michigan, ku Dover ndi ku Homestead, natenga chikho cha chaka chonse. Chiyambireni NASCAR mu 1948, padali pasanapezeke munthu wobadwira kunja kwa United States wotenga chikho cha imodzi mwa maligi ake atatu akuluakulu. Funso langa ndi lakuti, munthu waluso lotere adatani kuti azingosamukasamuka?

Wophunzira wa ku Zomba:

Zikomo bambo poyambitsa nkhaniyi. Ine ndimatsatira kwambiri Formula 1, ndipo dzina la ku Mexico lomwe ndidalizolowera ndi la Sergio Pérez. Ndikupempha wina andifotokozere kusiyana kwa Xfinity ndi Cup, chifukwa ndikaona pakanema magalimoto ake amaoneka ofanana, ndipo sindimvetsa chifukwa chake katswiri wa ligi imodzi angavutike chotere mu inzake.

Mbale wa ku Carolina:

Achimwene a ku Zomba, ndiyese kuyankha, popeza ndimakhala kufupi ndi Charlotte, dera lomwe matimu ambiri a NASCAR ali ndi magalaja awo. Magalimoto amenewa kunja amaoneka ngati Chevrolet, Ford kapena Toyota ya pamsewu, koma mkati mulibe china koma mpando umodzi, zitsulo zotchinga woyendetsa ndi injini ya V8. Amalemera pafupifupi makilogalamu 1,500, ndipo m'mabwalo aakulu monga Daytona amapitirira liwiro la makilomita 300 pa ola, ali mulu umodzi, bampala kugunda bampala. Maligi akuluakulu ndi atatu: Truck Series pansi, Xfinity (dzina la ligiyi mpaka 2025) pakati, Cup pamwamba. Ku Cup kuli mipikisano 36 ya mapointi pa chaka, yambiri ya makilomita 600 kapena kuposerapo, ndipo munthu amakhala pachiwongolero maola atatu kapena anayi m'galimoto yotentha ngati uvuni.

Kusiyana kwenikweni kuli pa anthu omwe ukupikisana nawo. Mu Xfinity magalimoto otha kupambana amakhala ochepa, ndipo amene ali m'galimoto ya Joe Gibbs amayamba ali kale pakati pa ochepawo. Mu Cup, ngakhale amene akumaliza pa nambala 25 adapambanapo zikho kwinakwake. Kulakwitsa pang'ono posintha matayala, ntchito yomwe masiku ano imatenga masekondi 10 kapena kucheperapo, kungakubweze m'mbuyo malo khumi.

Ndidalowako kamodzi m'bwalo la Charlotte Motor Speedway. Chomwe sichimveka pakanema ndi phokoso, lomwe limagwedeza nthiti, komanso tizidutswa ta labala ya matayala tomwe timagwera anthu okhala m'mipando yapafupi ndi mpanda. Nditatuluka ndidapeza malaya anga ali ndi timadontho takuda, ndipo m'makutu munkalira mpaka m'mawa mwake.

Ndiwonjezere kuti Suárez sadafike ku Joe Gibbs mwangozi. Adadutsa mu Drive for Diversity, ndondomeko ya NASCAR yotsegulira khomo akazi ndi anthu a mitundu yomwe sinkaoneka m'masewerawa, ndipo mu 2013 ndi 2014 ankayendetsera Rev Racing mu K&N Pro Series East uku akuulukira kwawo kukapikisananso mu ligi ya ku Mexico.

Nachisale:

Bambo a ku Ndirande, nkhani ya galaja ndaimva ndipo yandikhudza, koma monga mphunzitsi wa masamu ndiloleni ndiike manambala patebulo, chifukwa chifundo chingatiphimbe m'maso. Suárez adamaliza pa nambala 20 mu 2017 ndi pa nambala 21 mu 2018, ali m'galimoto nambala 19 ya Joe Gibbs Racing. Carl Edwards adapambana mipikisano itatu ndi nambala yomweyo mu 2016 ndipo adatsala pang'ono kutenga chikho. Suárez atachoka, Martin Truex Jr. adalowa m'galimotoyo mu 2019 napambana mipikisano 7. M'mbuyo mwake galimoto inkapambana, patsogolo pake idapambananso, ndipo pa zaka ziwiri zake zokha ndi pomwe sidapambane.

Ku Stewart-Haas Racing zidachitikanso chimodzimodzi. Kurt Busch adapambana ndi nambala 41 ku Bristol mu 2018, Suárez adaiyendetsa mu 2019 osapambana, ndipo Cole Custer, yemwe adali watsopano mu Cup, adapambana nayo ku Kentucky mu 2020. Ku Trackhouse, Ross Chastain adafika mu 2022, Suárez atakhalako kale chaka chathunthu, koma chaka chomwecho adapambana kawiri namaliza wachiwiri pa onse. Shane van Gisbergen wa ku New Zealand wapambana kasanu mu 2025 mokha, m'galaja yomweyo.

Sindikunena kuti Suárez alibe luso. Ndikunena kuti pali oyendetsa mazanamazana ku America omwe sadakhalepo ngakhale tsiku limodzi m'galimoto za matimu atatu amenewa, ndiye n'kovuta kundiuza kuti munthu amene adakhalamo zaka 8 adamanidwa mwayi.

Makanika wa ku Ndirande:

Aphunzitsi, manambala anuwo ndi oona ndipo sindingawatsutse, koma ndikupempheni kuti tione momwe mnyamatayu adalowera m'galimoto yoyambayo. Mu Januwale 2017 Carl Edwards adadzidzimutsa aliyense polengeza kuti wasiya kupikisana, kutangotsala mwezi umodzi ndi masiku kuti Daytona 500, mpikisano wotsegulira nyengo, ichitike. Suárez ankayembekezeka kukhalanso chaka china mu Xfinity kuteteza chikho chake. M'malo mwake adamunyamula n'kumuika pampando wa munthu yemwe adangotsala pang'ono kukhala katswiri, asanayendetsepo mpikisano wa Cup ndi umodzi womwe. Ambiri amayamba ndi mipikisano ingapo yoyeserera chaka chisanafike, koma iye woyamba wake udali Daytona 500. Patangopita milungu yochepa, mkulu wa amakanika ake, amene kumeneko amamutcha crew chief, Dave Rogers, adatula pansi ntchitoyo pa zifukwa za iye mwini, ndipo zonse zidayambiranso ndi munthu wina.

Pa ntchito yathuyi timadziwa kuti woyendetsa ndi makanika amafunika kumvana chilankhulo. Dalaivala akanena kuti galimoto ikukana kukhota ikafika pakati pa kona, makanika ayenera kudziwa ngati vuto lili pa masipuling'i, pa mpweya wa m'matayala kapena pa phazi la dalaivalayo, ndipo kumvana kotere sikubwera m'mwezi umodzi. Truex mwamutchulayo sadabwere yekha ku Joe Gibbs. Adabwera ndi Cole Pearn, yemwe adatenga naye chikho mu 2017, ndipo Truexyo adali atakhala mu Cup zaka zoposa khumi. Komanso Suárez sadachotsedwe chifukwa choti wina adamuposa pampikisano wolimbirana mpando, koma chifukwa timu ya Furniture Row idatsekedwa kumapeto kwa 2018 ndipo katswiri wawo adasowa kolowera.

Taganizirani za Joey Logano. Timu yomweyi ya Joe Gibbs idamukweza ali ndi zaka 18 kuti alowe m'malo mwa Tony Stewart mu 2009, adapambana kawiri kokha pa zaka zinayi, ndipo adamusiya kuti atenge Matt Kenseth. Atapita ku Team Penske, komwe adamudekhera, watenga zikho zitatu, mu 2018, 2022 ndi 2024. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika, ndipo ine ndimaona kuti amene adathamanga mu 2017 ndi eni timu, osati mnyamatayo.

Nachisale:

Chitsanzo cha Logano ndi chabwino, bambo, koma chikugwira mbali zonse ziwiri. Logano adapambana chaka chake choyamba ku Penske, ndipo chaka chachiwiri adapambana kasanu. Suárez wakhala ku Trackhouse zaka zisanu, timu yomwe idamangidwa pa iye kuyambira tsiku loyamba, ndipo kumeneko sitinganene kuti sadamudekhere. Ndikuvomera kuti chaka chimodzi cha ku Stewart-Haas chidali chochepa, makamaka poti adamaliza pa nambala 17, kungophonya pang'ono malo 16 a ndime yachipulula yolimbirana chikho, ndipo anzake awiri a m'timumo, Clint Bowyer ndi Aric Almirola, nawonso sadapambane chaka chimenecho. Koma za zaka zisanu za ku Trackhouse ndikufuna yankho lina.

Dalaivala wa Joni–Blantyre:

Ndalemba ndili pamalo opumira, ndikudikira mapepala a katundu, ndiye mundikhululukire ngati ndabwerera m'mbuyo. Palibe amene watchula chaka cha 2020, chomwe kwa ine ndicho chimaonetsa mtima wa munthuyu. Atachotsedwa ku Stewart-Haas mochedwa, mipando yabwino itatha kale, adalowa mu Gaunt Brothers Racing, katimu kakang'ono ka galimoto imodzi, nambala 96, kopanda chiphaso chotsimikizira malo pa mpikisano uliwonse. Ku Daytona adachita ngozi pa mpikisano wolimbirana malo, ndipo Daytona 500 ya chaka chimenecho adaionera kunja ngati ife. Chaka chonse sadamalizepo pakati pa khumi oyambirira. Munthu yemwe zaka zinayi m'mbuyomo adanyamula chikho ankazungulira kumbuyo sabata ndi sabata, akudutsidwa ndi anthu omwe adawagonjetsa kale. Ambiri zikafika pamenepo amabwerera ku ligi yapansi kapena kwawo, koma iye adakhala.

Mayi Nachisale, pa za Trackhouse ndikukumbutseni za Okutobala 2022 ku Charlotte Roval. Suárez adalowa mpikisano umenewo ali pabwino kuti adutse kupita pakati pa 8 otsala, koma pakati pa mpikisano power steering idafa. Izi zidandichitikirapo ndili ndi thiraki yodzaza, paipi ya mafuta a chiwongolero itaphulika pamtsetse wokhotakhota. Ndidayenda makilomita ochepa chabe kufunafuna poima, koma mapewa adandipweteka masiku atatu ndipo m'manja mudatuluka matuza. Iye adapitiriza mpaka kumapeto, pabwalo la makona 17, akulimbana ndi chiwongolero pa kona iliyonse. Adatuluka m'ndime yachipulula tsiku limenelo, koma adamaliza chaka pa nambala 10. Pepala la manambala limangoonetsa malo omwe adamalizira, silinena kuti chidachitika n'chiyani pansi pa boneti.

Mbale wa ku Carolina:

Ndiwonjezere kuti Trackhouse ya 2021 sidali Trackhouse ya lero. Justin Marks adaiyambitsa ndi galimoto imodzi yokha, nambala 99, woimba Pitbull n'kulowamo ngati mwini wina, ndipo idakula itagula timu ya NASCAR ya Chip Ganassi n'kukhala ya magalimoto awiri mu 2022. Amene adanyamula chaka choyamba chija, chopanda mnzake wofananitsa naye zotsatira, ndi Suárez.

Pa 12 Juni 2022 adapambana ku Sonoma, ku California, pa mpikisano wake wa nambala 195 mu Cup, nakhala woyamba wobadwira ku Mexico kupambana mu ligi imeneyi. Asanatero, obadwira kunja omwe adapambanapo adali anayi okha: Mario Andretti, Earl Ross, Juan Pablo Montoya ndi Marcos Ambrose. Atatuluka m'galimoto adaphwanya piñata, chidole cha mapepala chodzaza masiwiti chomwe kwawo amachiswa pa zikondwerero, ndipo chake chidali chooneka ngati chakudya chawo cha taco.

Ndimagwira ntchito ndi anthu angapo a ku Mexico, ndipo ndidaona momwe adafikira kuntchito m'mawa mwake. Mmodzi wa iwo, bambo wachikulire yemwe kale ankati NASCAR si masewera a anthu ngati iye, adabwera atavala chipewa cha nambala 99. Suárez amanena yekha kuti Chingerezi adachiphunzira poonera makatuni pa TV, ndipo ife amene tidafika kuno tikudziwa manyazi ofunsa munthu kuti abwereze kachitatu zomwe wanena. Tsono iye ankayenera kufotokoza vuto la galimoto pa wailesi ya m'chipewa, injini ikubangula, m'chilankhulo chomwe adachiphunzira atakula. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma dziwe lachiwirilo madzi ake adali ozizira.

Wophunzira wa ku Zomba:

Tsopano ndakumbukira kuti dzinali ndidalimvapo. Pa 25 Febuluwale 2024 mnzanga wa m'chipinda ankaonera mpikisano wa ku Atlanta pa foni, kuno kuli pakati pa usiku, ndipo adandidzutsa kuti ndione mapeto ake. Magalimoto atatu adatuluka pa kona yomaliza ali phewa ndi phewa, Ryan Blaney mkati, Kyle Busch pakati, nambala 99 kunja kufupi ndi khoma, ndipo atadutsa mzere panalibe wodziwa amene wapambana mpaka ataonetsa chithunzi. Tidabwereza kanemayo kasanu mpaka bandulo idatha. Amalume a ku Ndirande, kodi pamenepa tinganene kuti lidali luso kapena mwayi?

Nachisale:

Ndiyankheko ine, mwana wanga, chifukwa funso limeneli ndidawapatsapo ana a Fomu 3. Suárez adaposa Blaney ndi masekondi 0.003, ndipo Busch adatsalira ndi 0.007. Galimoto yothamanga pafupifupi makilomita 290 pa ola imayenda mamita 80 pa sekondi, ndiye masekondi 0.003 ndi masentimita 24 basi, osakwana ngakhale rula ya m'kalasi, pambuyo pa mtunda wa makilomita oposa 600. Pa masentimita 24 mwayi ulipo ndithu. Koma kuti munthu apezeke pa kona yomaliza ali pambali pa katswiri wa 2023 ndi katswiri wa 2015 ndi 2019, galimoto yake itakhudzidwa kale ndi ngozi ya magalimoto ambiri yomwe idachitika kumayambiriro kwa mpikisanowo, pamenepo mwayi wokha sungakwanire.

Achimwene a thiraki andipatsa chomwe ndidalibe, ndipo ndikuvomera kuti za Roval sindidaziwerengere. Komabe maganizo anga ndi akuti Suárez ndi woyendetsa wabwino amene amawala masiku ena, osati amene amakhala kutsogolo sabata iliyonse, ndipo eni timu amalipira chachiwiricho. Trackhouse ili ndi Connor Zilisch, mnyamata yemwe adapambana mipikisano 10 mu Xfinity mu 2025, ndipo mipando yawo ndi itatu yokha.

Makanika wa ku Ndirande:

Aphunzitsi, pamenepo tayandikirana, ngakhale ndikuona kuti zomwe akumuchitira Zilisch, kumukweza msanga chifukwa wawala mu Xfinity, ndi zomwezo zidamuchitikira Suárez. Tidzaona ngati iyeyo adzamudekhere.

Chomwe sindikufuna kuti chitidutse ndi sabata ya 14 ndi 15 Juni 2025. NASCAR idapititsa mpikisano wa mapointi wa Cup ku Mexico City, koyamba kuchitikira kunja kwa United States chichitikireni wa ku Toronto mu 1958. Bwalo lake ndi Autódromo Hermanos Rodríguez, lotchedwa dzina la abale awiri, Ricardo yemwe adafera pabwalo lomwelo mu 1962 ndi Pedro yemwe adafa pa mpikisano ku Germany mu 1971. Lili pamtunda wa mamita oposa 2,200, komwe mpweya ndi wopepuka, injini imataya mphamvu ndipo mabuleki ndi rediyeta zimavuta kuzizira. Xfinity idapitako kale kuyambira 2005 mpaka 2008, koma palibe wa ku Mexico adapambana.

Loweruka m'mawa Suárez adaomba khoma polimbirana malo oyambira, galimoto nambala 9 ya JR Motorsports n'kuphwanyika. Amakanika adatulutsa galimoto yapadera n'kuikonza m'maola ochepa, ndipo malinga ndi lamulo adayambira kumbuyo kwenikweni. Adalimbikira kuchokera kumbuyoko mpaka kupambana, pamaso pa anthu a kwawo omwe ankaimba dzina lake. Lamlungu lake mu Cup adamaliza pa nambala 19 pomwe van Gisbergen adapambana, ndipo patangotha milungu iwiri kudabwera chilengezo chija. Ndimakhulupirira kuti NASCAR sikadalimba mtima kunyamula ligi yake yaikulu kupita ku Mexico City pakadapanda munthu wa kumeneko yemwe adakakamira mu Cup zaka 9, ndipo zimenezo sizilembedwa pa mndandanda wa opambana.

Mbale wa ku Carolina:

Pa za komwe akupita, pofika mu 2025 Spire Motorsports idali itapambanapo kamodzi mu Cup, ku Daytona mu Julayi 2019 ndi Justin Haley, mvula itadula mpikisano, ndipo Haley yemweyo ndi amene Suárez akumulowa m'malo. Galaja yawo ku Mooresville ndi yomwe kale idali ya Kyle Busch Motorsports, timu yomwe Suárez adapambana nayo mpikisano wa Truck Series ku Phoenix mu 2016. Anzake m'timumo akhala Carson Hocevar, mnyamata waliwiro koma wokonda kugundana ndi anzake, ndi Michael McDowell, yemwe adagwirana naye m'khosi ku Phoenix mu Malichi 2019 atatsekerezana njira polimbirana malo oyambira. Tsopano azikhala pa tebulo limodzi kuwerenga zotsatira za magalimoto awo.

Nachisale:

Ndiye muyeso wanga wa 2026 ndaupeza. Sindidzamuyerekeza ndi magalimoto a matimu a Hendrick kapena Joe Gibbs, chifukwa ndalama zawo n'zosiyana. Ndidzayang'ana kuti pa mipikisano 36 wamaliza patsogolo pa Hocevar ndi McDowell kangati, ndipo ndatsegula kale tsamba m'kope langa kuyambira ndi Daytona 500 ya mu Febuluwale. Bambo a ku Ndirande ndi achimwene a thiraki, inu muzindiuza masiku omwe galimoto yamugwiritsa mwala, kuti ndizilemba m'mbali mwa nambalayo.